Nkhope ya a Musaphethire

Bambo anga anajambula pafupifupi munthu aliyense wa m'dera lathu, koma atamwalira, m'nyumba mwathu simunapezeke chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Amayi anafuna choti apachike pabalaza, pamwamba pa mpando umene bambo ankakhalapo, ndipo ntchito yochisaka anandipatsa ine.

Anthu ankawatchula kuti a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene ankakuwa asanadine batani. Analibe situdiyo. Chuma chawo chinali njinga yamoto yofiira, jekete lokhuthala, ndi kamera yakuda yolemera ngati njerwa. Ankazungulira m'masukulu, m'maofesi ndi m'makomo, kujambula makanda, omaliza maphunziro ndi ofuna zithunzi za ziphaso.

Kanyamulidwe ka kamerayo ndiko kankatikanganitsa. Kumbuyo kwa njinga kunali bokosi labwinobwino, koma iwo ankati kugwedezeka kwa m'bokosimo kumamasula magalasi. Choncho ankaikoleka m'khosi, kuitembenuza kuti diso lake lalitali lagalasi liloze pachifuwa, kenako n'kutseka zipi ya jekete. Fumbi ndi timiyala ta pamsewu sizinkaipeza.

Tsiku lina, nditabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite, ndinawaimitsa pakhomo akuliza njinga.

"Abambo, chitsulo chimenecho mwachilozetsa ku nthiti. Mukadzagwa, thupi lonse lidzatsamira pa kansonga kameneko."

"Tamumvani pulofesayu," anatero akuyang'ana amayi. "Njinga sanaikwerepo, koma kagwedwe kake akukadziwa."

"Nanga helemeti mumavaliranji ngati simuopa kugwa?"

"Mutu ndi umodzi, mwanawe. Nthiti n'zambiri. Kawerenge m'mabuku akowo."

Amayi anaseka, koma posakhalitsa anati, "Inu abambo ake, mwanayu akunena zoona."

"Zoona sizigula kamera ina, amayi ake," anatero, n'kupita.

Anagwa dzuwa lili paliwombo, akuyenda pang'onopang'ono, pakona pamene lole inataya mchenga. Amene anaona amati atadzuka sanadzigwire n'komwe. Anayamba atsekula zipi, kuyang'ana kamera, n'kumwetulira poona kuti ili bwino. Anapitiriza ulendo mpaka kusukulu kumene ankawadikira, anandandika ana m'mizere, n'kuwajambula. Aphunzitsi anangodabwa kuti tsiku limenelo mawu aja anawanena monong'ona. Pamene ankawafikitsa kuchipatala pambuyo pake, mpweya unali utachepa. Dokotala anationetsa chizindikiro chozungulira pachifuwa, ngati pamene pakhala kapu, ndipo anati nthiti zothyoka zinaboola mapapo. Helemeti inalibe ngakhale kokalika.

Pamaliro ambiri ankati tsiku lawo linakwana. Ine mawu amenewo ndimawakana mpaka lero. Tsiku lilibe nsonga. Munthu wogwa paliwiro limene lija amadzuka ndi zilonda za m'zigongono, pokhapokha ngati pakati pa iye ndi msewu pali chinthu cholimba. Thaulo lakale lopindidwa m'bokosi likanateteza magalasi aja, ndipo iwo akanakhala pampando wawo lero akundinyoza. Ndikaona wanjinga atasomeka sipanala m'lamba kapena botolo m'jekete, ndimamuuza zomwezi, ena n'kunditukwana. Ndinawina mtsutso uja, koma palibe wina umene ndikanakonda kugonja kuposa umenewo.

Kusaka chithunzi kunandipititsa khomo ndi khomo. Anthu ankanditulutsira zithunzi za maukwati ndi za ana atsitsi lonyowa. Nkhope zonse zinali zotsekula maso, monga bambo analamulira. Iwo ankangooneka ngati mthunzi pansi, mutu ndi zigongono ziwiri zotambasuka, pafupi ndi mapazi a eni chithunzi.

Amene anandithandiza ndi wometa wa pafupi ndi siteji ya basi, mnzawo wakale.

"Ukuvutikiranji, mwana wa a Musaphethire? Bambo ako ndimakhala nawo muno tsiku lililonse."

Analoza pakhoma. Panali chithunzi chofumbwa cha tsiku limene anatsekula shopu yake: iye ali ndi lumo m'manja, tsitsi likadali lakuda. Kumbuyo kwake kunali galasi lalikulu, ndipo m'galasimo munaima bambo, atavala jekete lija.

"Anakwiya atachitsuka," anatero wometa. "Ankati wojambula wanzeru salowa m'chithunzi. Ndinawauza kuti bweretsani, mwandionjezera kasitomala."

Ndinachitenga ndi mtima wolemera, pakuti kamera inaphimba pafupifupi nkhope yonse. Chooneka chinali chipumi, diso limodzi lotsinzina, ndi mbali imodzi ya kamwa itakwera m'mwamba.

"Amayi, ndapeza chimenechi basi. Ngakhale muno chitsulochi chawatsekereza."

Amayi anavala magalasi awo, anapita nacho pawindo, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi iwowo," anatero. "Tsiku loyamba ndinawaona chonchi. Anandiimika pakhoma la ofesi, n'kundikalipira kuti ndaphethira. Ndinaphethira dala kuti abwerenso."

Anapukuta fumbi ndi nsonga ya malaya, n'kundipatsa.

"Kapeze msomali. Upachike motsitsa pang'ono, ndizitha kuwaona ndili chikhalire."