Msana wa Malita

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kukhala tsonga utatsinzina n'kugona. Choyamba ndinapapasa kumbuyo kwanga. Chanazi, mdzukulu wanga, analipo, atagwira nsonga ya nsalu yanga monga anaigwirira usiku wonse anthu akuchezera maliro a mayi ake.

Chimwalirire Malita, mwana wanga, kamtsikanaka sikanatulutse mawu. Mkamwini ankauza aliyense kuti anali malungo. Ine malungo ndawaona ambiri m'chigwa muno. Sachititsa mwana kuthawira kuseri kwa nkhokwe akamva mapazi a bambo ake.

Kutacha moto unayaka pamafuwa, amayi akusinja mapira. Anthu anadza kuchokera kwa Tengani, ena pabwato kuchokera kutsidya, abale a mkamwini, akulira mokweza m'Chisena. Wina anapatsa Chanazi nzimbe. Ndinailanda. Dzuwa linaswa mtengo msanga, mphepo kulibe, ntchentche zokhazokha. Ndikudutsa kwa amuna ndinamva kuti maliro akangoikidwa, mwana awoloka ndi bambo ake. Mlongo wanga, mwini mbumba amene akanakana, anali atalandira kale chipanda cha mowa kwa mkamwini, ndipo ankandizemba maso.

Kwathu mayi salowa kumene akusambitsa mwana wake, ndipo zimene osambitsa aona sizituluka pakhomo. Ine ndinalowa, nditakoka mayi ake a mkamwini padzanja. Chanazi ndinamukhazika panja pomwe ndinkaona mapazi ake.

"Mutembenuzeni," ndinatero.

"Mayi, n'zosayenera izi," anatero mmodzi wa osambitsa.

"Mutembenuzeni. Asewere anga aone malungo."

Msana wonse unali mizere ya chikoti cha mvuu, yakale ndi yatsopano. Mayi uja anagwira pakamwa. Kenaka anatenga chikho m'manja mwa wosambitsa, nathira madzi yekha, pang'onopang'ono. Sindinadziwe ngati ndapindula kapena ndaonongeratu.

Malita anamukulunga m'mphasa. Popita kumanda tinadzera m'minda ya thonje, fumbi likulowa m'kamwa, nyimbo ikuduka-duka. Dothi linali louma, okumba anali atatopa. Sindinalire. Wolira saona.

Titasamba kumtsinje, mkamwini anatambasula dzanja. "Tiye, Chanazi."

Mlongo wanga anayang'ana pansi. Zikhadabo za mwana zinalowa m'ntchafu mwanga.

"Msiye," anatero mayi ake a mkamwini. "Ndaona msana."

Mkamwini anaseka, nayang'ana anzake. Palibe anaseka naye. Amayi osambitsa aja anabwera n'kuima pambali panga, manja ali onyowa. Bwato linapita lopanda mwana.

Madzulo anthu anabalalika, moto unazilala, nyumba ili zii. Ndinatseka chitseko n'kutsamiritsapo mtondo, pakuti bwato lowoloka limabwereranso. Chanazi anamwa phala pang'ono, nagona atatsamira mwendo wanga. Ndinkayesa wagona tulo pamene ndinamva mawu aang'ono, osasa, oyamba m'masiku atatu.

"Agogo, musagone."

"Sindigona," ndinatero, ndi kusendeza khasu pafupi.