Kompyuta Yofunda Chitenje

Fungo la fodya wowuma, lija lotsekemera ngati shuga wopserera koma lokanda pammero, likangondifika m'mphuno ndimawaona agogo anga aNachisale ali chilili pakati pa shedi yosankhira fodya pa famu ina kufupi ndi Raffingora. Tsamba lili m'manja akuliunika pa zenera la kudenga, nthunzi yofewetsera masamba ikufuka pakona, chitsulo chopanira mabelo chikulira ngati ngolo yopanda girizi, amayi okhala m'mizere akutsokomola ndi kuimba nyimbo za kutchalitchi zosakaniza Chinyanja ndi Chishona. Agogo anachokera ku Tete ali mtsikana, atangophunzira kuwerenga ku mishoni, ndipo pofika nthawi imene ine ndinkazindikira anali kapitawo wa osankha onse. Tsamba ankalidziwa pongoligwira. Kulakwa sankakudziwa, kapena ndinene kuti sankakuvomera.

Ine ndinkagona kwa agogo, m'nyumba yawo ya njerwa ya zipinda ziwiri pa komboni. Nyumbayo inali ya ntchito. Ntchito ikatha nayonso yatha, ndipo kwawo ku Tete nkhondo inali itafafaniza mudzi, moti analibe kwina kolozera chala.

Bambo anga a Fabiano anali kalaliki wa pa famupo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Kwa agogo iwo anali mkamwini, ndipo mwambo wa upongozi ankausunga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Sankayang'anana, sankalankhulana, dzina la mnzake palibe ankalitchula. Akakumana panjira agogo ankapatukira m'chimanga. Ngakhale atakhala pabwalo limodzi, bambo ankati, “Rozi, uwauze agogo ako kuti mvula ikubwera,” agogo ali pomwepo, akumva bwinobwino, koma akudikira kuti ine ndibwereze.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 manijala anagula makompyuta awiri. Imodzi anaiika mu ofesi kwa bambo, ina m'kachipinda ka m'shedi, ndipo anazilumikiza ndi waya wokwiriridwa pansi. Agogo ankayenera kulemba nambala ya belo ndi mtundu wa fodya wake, kenako bambo n'kusindikiza matikiti osokerera pa mabelo lole isananyamuke kupita ku okushoni ku Harare. Anabwera kudzaphunzitsa anali a Mutasa, katswiri wa ku Chinhoyi wovala tayi ngakhale kukutentha. Agogo anagwira msanga. Ankabaya mabatani ndi chala chimodzi ngati akubzala mtedza, koma osaphonya.

A Mutasa atangochoka, makina anayamba misala. M'mawa ankayenda bwino. Ikamakwana teni, kompyuta ya m'shedi yauma gwa, ya mu ofesi nayo ikukana kutsegula mndandanda wa mabelo, ikuti wina akuugwiritsa ntchito. Wina ndani? Bambo ankazimitsa yawo n'kuyatsanso, osathandiza. Ankatuma munthu kukafunsa kushedi, yankho n'kubwera loti, “Akuti chakomoka chokha.” Anakumba waya yense poganiza kuti chiswe chadya, waya ali bwinobwino. Anasesa fumbi la fodya, anasintha pulagi, akatekisiti mpaka anawazako madzi odalitsa. A Mutasa akabwera ankangobaya mabatani awiri, makina n'kudzuka, iwo n'kubwerera ku Chinhoyi akupukusa mutu. Mawa lake zomwezo.

Lole inanyamuka mochedwa kawiri. Manijala anaitana bambo n'kunena kuti mayi wokalambayo zamupitirira, ndipo Lachisanu zikachitikanso apume, pabwere mtsikana wa Fomu Folo, nyumba aipereke. Tangoganizani, anawatuma bambo kuti akanene zimenezo kwa apongozi awo. Uthengawo unadzera mwa amayi anga. Agogo sanalire, anangoyamba kupinda zovala n'kumaziika m'sutikesi. Ine ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinawakwiyira onse, makina, manijala, ngakhale bambo chifukwa cha kufatsa kwawoko.

Lachitatu a Mutasa anati sachoka mpaka aone ndi maso awo. Anakhala mu ofesi n'kufunsa bambo zimene amachita ikamakwana teni.

“Palibe,” anatero bambo. “Ndimangowatumizira apongozi anga uthenga pa makinapa, monga munandiphunzitsira, kuwakumbutsa kuti akamaliza atseke mndandanda. Akapanda kuyankha ndimatumizanso wina wowalangiza pobaya.”

“Tumirai tione,” anatero a Mutasa, ndipo bambo atatumiza, iwo anathamangira kushedi tayi ikuuluka.

Sukulu inali yotseka, choncho ndinali momwemo ndikumanga timitolo ta fodya pambali pa amayi. Makina analira kuti pii. Pansi pa galasi panatuluka mzere wowala, woyamba ndi dzina la wotumiza m'zilembo zikuluzikulu: FABIANO. Agogo anadzuka mwaulemu, anavula chitenje cha paphewa, anafunditsa galasi lonse, n'kukhala pansi chammbali atayang'ana kukhoma. Amayi onse a m'shedi anapitiriza ntchito. Ankaziona tsiku lililonse ndipo palibe anaonapo chachilendo, poti mkamwini akalowa, mpongozi amatero.

A Mutasa anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. “Nhai ambuya, chii ichi?” anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti kodi agogo, n'chiyani chimenechi.

“Alowa eni ake,” anayankha agogo osatembenuka. “Ndikudikira atuluke.”

“Ndani walowa?”

“Bambo a Rozina. Dzina lawo lili apo. Ine ndiwayang'ane kumaso? Ndibaye pa dzina lawo ndi chala changachi? Maiwe, kwanu mumatero?”

A Mutasa anayamba kuseka, koma anadziletsa, chifukwa nawonso anali ndi apongozi. Anafotokoza kuti makina amenewo uthenga ukafika amaima, kudikira kuti munthu awerenge n'kubaya mabatani awiri pamodzi. Osabaya, sayenda, ndipo mndandanda umakhala wotsegula, n'chifukwa chake ya mu ofesi inkakana. Ndiye kuti bambo akamalimbikira kuthandiza, m'pamene ankawatsekera agogo kwambiri.

“Si munthu uyu, ambuya, ndi zilembo chabe.”

“Zilembo zalankhula mawu a ndani?”

Ine mutu unangoti balala. Bambo anali mu ofesi, ndinkawaona pa zenera akukanda m'mutu, koma agogo akuti ali m'shedi, ndipo a Mutasa akuti ali m'waya koma mulibemo. Ndinafunsa amayi kuti kodi bambo alipo angati, iwo n'kunditsina.

Kwa manijala a Mutasa anangonena kuti apeza vuto ndipo alikonza. Anakhala ndi bambo mu ofesi kwa kanthawi. Lachinayi makina atalira pii, pa galasi panatuluka dzina lina: ROZINA. Agogo anavala magalasi, anawerenga, anabaya mabatani awiri aja, n'kutseka mndandanda. Lachisanu lole inanyamuka dzuwa lisanatenthe, ndipo madzulo zovala zinatuluka m'sutikesi.

Chisokonezo chinatsalira ine. Agogo ankafika kunyumba n'kundipatsa mbatata yootcha. “Wandithandiza lero, Rozi. Zija unanena zoti pulinta ikakana ndiyambe ndaona ngati muli pepala, zinali zoona.” Ine kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo n'kamodzi komwe. Ndikati nditsutse, amayi ankandiponda phazi. Mbatata ndinkadya, nanga n'kutani, koma usiku ndinkadzifunsa ngati pali Rozina wina wanzeru wokhala m'waya, amene tsiku lina adzatuluka n'kudzandilanda malo. Pa komboni anthu anayamba kunditcha katswiri, ena n'kumabwera ndi mawailesi awo akufa.

Bambo ndi agogo anakhala akulemberana choncho zaka zitatu, mpaka maso a agogo atafooka, iwo n'kupuma ntchito okha mwaulemu. Bambo anamwalira agogo akadali moyo, ndipo mpaka tsiku limenelo awiriwa anali asanalankhulanepo pamaso.

Lero ndimaphunzitsa anthu ongoyamba kumene makompyuta pa sukulu ina ku Norton. Wina makina akamuumira sindithamangira waya, ndimayamba ndakhala pambali pake n'kuona zimene manja ake akukana kuchita. Koma chimene ndimasenza kwenikweni ndi yankho limene agogo anandipatsa titaika maliro a bambo, nditawafunsa ngati ankadziwa amene ankawalembera.

“Iwe, ndinali wokalamba, sindinali chitsiru,” anatero akupukuta m'maso. “Zaka zitatu ndinacheza naye mwana ameneuja, tsiku ndi tsiku. Anali munthu wabwino. Ndinalibe pomuuzira, ndiye ndinkangokupatsa iwe mbatata.”