Maluwa Atatu Amene Ndinawamangira Mpanda

Ndinali ndi zaka khumi pamene akulu anga a Ethel anapeza banja. Tinkakhala ku Lifuwu, ndipo zipani zinali zitangoyamba kuchuluka. Masiku amenewo mtundu wa chitenje chako unkayankhula iwe usanatsegule pakamwa. Akuchimuna ankakonda chipani china, bambo anga chinanso, moti amayi ankaopa kuti nsalu iliyonse ya m'sitolo imene a Ethel angavale pachinkhoswe idzautsa mapiri pachigwa.

Azakhali, omwe anali telala, anangoti, "Ndigulireni bafuta woyera, zinazo mundisiyire."

Kutatsala tsiku limodzi, anaviika nsaluyo m'madzi n'kuiyala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Anasungunula utoto wofiira m'mbale mpaka unasanduka wa pinki, ngati mkati mwa gwafa. Kenako anaviika nthenga ya nkhuku, nakhudza nsalu kamodzi kokha. Kadontho kaja kanayamba kuyenda kokha. Kanatambasuka pang'onopang'ono, pakati pofiirira, m'mphepete mukunka muyera, mpaka ndinaona duwa lofanana ndi akakombo a m'ngalande za mpunga. Ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndinkadziwa kuti maluwa amalenga ndi Mulungu yekha.

Koma ndinali mwana wa aphunzitsi, ndipo kusukulu chekeni chikadumpha mzere, rula inkapeza zala. Azakhali atapita kukadya, ndinaona kuti maluwa awo alibe malire, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinatenga bolopeni yofiira imene bambo ankachongera mayeso, n'kuzunguliza maluwa atatu a m'munsi ndi luso langa lonse. Nditaima patali kuti ndidzitame, mtima unangoti myuu. Maluwa ena onse anali amoyo, koma atatu angawo anali atauma gwa.

Azakhali atabwera anawerama n'kuyang'anitsitsa maluwa atatu aja. Bafuta wina panalibe.

"Iwe Tamala, wawamangiranji mpanda? Amathawa?"

Sanandimenye. Anadula chigawo cha m'munsicho, nachipinda bwinobwino, n'kundimanga kumutu.

"Mpango wako uwu. Mawa uvale."

Tsiku la chinkhoswe a Ethel anatuluka chitenje chikulekeza m'akatumba, ine ndili kumbuyo kwawo manyazi atandigwira. Azimayi a mbali zonse ziwiri, amene anafika akuyang'anana cham'mbali, anaunjikana n'kumasisita maluwa aja ndi nsonga za zala. Za zipani palibe anazikumbukira. Mayi wina wa kuchimuna ndiye anafunsa chifukwa chake nsalu yokongola chotere inali yaifupi. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. A Ethel anaseka, nandikokera kutsogolo.

"Maluwa enawo ali pamutu pa mng'ono wangayu."

Lero kujambula maluwa a pansalu ndiyo ntchito yanga, ndipo ndikamaona utoto ukuyenda m'madzi ndimazizwabe ngati tsiku lija. Ndinamvetsa mochedwa kuti azakhali ankadziwa pokhudza, komanso ankadziwa polekera. Mpango uja ndikadali nawo. Dzanja likayamba kundiyabwa kuti ndikonze zimene madzi akuchita, ndimauyang'ana, n'kuika burashi pansi.