Kabotolo ka Filipo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene a Dotolo anafika kwathu ku Lungwena. Anali othawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo analowera ku Namwera atasenza bokosi lachitsulo, nsapato zitang'ambika. Asisiteri a pamishoni anawapatsa kachipinda kuseri kwa chipatala kuti azithandiza odwala. Dzina lawo lenileni linatikanika kutchula, tonse tinkangoti a Dotolo.

Kuchiza ankachiza ndithu, koma zochita zawo zina sizinkamveka. Munthu wamkulu, wophunzira, kumapinda buluku n'kumatola nkhono m'mabango dzuwa likuswa mtengo! Akatero ankajambula madoko athu papepala n'kutsekera zonse m'bokosi muja ndi loko. Masiku amenewo a chipani chimodzi munthu wolembalemba ankayang'anidwa ndi diso lofiira. A tcheyamani a chipani ankati mlendo wojambula madoko akujambulira asilikali akwawo. Amayi anga mantha awo anali ena: ankati imeneyi ndi mfiti yopita kusukulu.

Tsono tsiku lina a Dotolo anabwera kusukulu kwathu ndi timabotolo, kalikonse kali ndi dzina la mwana, akufuna mikodzo yathu. Ati akufufuza likodzo. Kwathu kuno mkodzo, tsitsi ndi zikhadabo sitipereka kwa mlendo, chifukwa ndi zimene munthu amakulodzera. Komanso mnyamata kukodza magazi sinali nthenda m'maso mwathu. Abambo, amene anali asodzi, ankati ndiko kukula kumeneko, iwonso anadutsamo.

Mlongo wanga Filipo, wazaka zisanu ndi zinayi, ankakodza zofiira ngati thobwa la mawere. Anagwira kabotolo kake mwamantha, poti anzake anali atamuuza kuti amene kake kafiire adzauma ngati usipa wa pathandala. Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera kwa azakhali ku Namwera, kumtunda, kumene ndinakhala zaka zinayi osasamba m'nyanja. Mkodzo wanga unali woyera. Ndinamukokera kuseri kwa chimbudzi, ndinamulanda kabotoloko, n'kudzaza tonse tiwiri ndekha. Ndinadziona wochenjera bwanji! Amayi atamva anandiyamikira, mpaka anandipatsa mutu wa chambo umene unkadyedwa ndi abambo okha.

Sabata yotsatira ana a mabotolo ofiira anamwetsedwa mapiritsi aakulu owawa. Filipo sanaitanidwe, ife mtima pansi. Koma Lachitatu tinangoona a Dotolo aima pabwalo pathu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mwana wamwamuna uja ndimuonenso," anatero m'Chichewa chawo chopindika. "Nkhope yake sikugwirizana ndi botolo lake."

Amayi anati wapita kwa amalume ake. Filipo anali m'nkhokwe, ine nditakhala pamakwerero pake ngati mlonda. Anabweranso kawiri, yankho lomwelo. Pamenepo amayi anati zakwana, anamanga chitenje chawo cha chipani n'kupita kwa a tcheyamani, atanditenga ine kuti ndikakhale mboni. Ndinafotokoza za maulendo atatu aja, ndipo ndinathirako mchere. Ndinati amafunsanso pamene abambo amakocheza bwato. Linali bodza lamkunkhuniza, koma linatuluka mosavuta.

Lolemba m'mawa kunabwera Landirova ya apolisi. Bokosi lija analiswa pabwalo la chipatala, khamu la anthu likuonerera. Tinkayembekeza mfuti, kapena zigaza za anthu. Munatuluka zigoba za nkhono m'timabokosi ta machesi, makope olembedwa m'Chipwitikizi, ndi chithunzi cha mayi atanyamula khanda. Apolisi anati mapepalawo alibe ntchito, koma mwini wake asakhalenso pafupi ndi nyanja. Anapita nawo a Dotolo kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo sitinawaonenso. Makope aja anatola ndi asisiteri, akupukuta fumbi ndi m'mphepete mwa madiresi awo.

Filipo anakula, anakwatira, anagula bwato lakelake. Magazi aja anasiya okha, abambo n'kumati mwaona nanga. Koma asanakwanitse zaka makumi anayi anayamba kuvutika pokodza, ndipo kuchipatala chachikulu anati chikhodzodzo chinaonongeka kalekale ndi likodzo lapaubwana. Tinamuika m'manda ana ake akadali aang'ono.

Patapita zaka kunabwera mayi wina wa ku Mozambiki kudzatenga makope aja. Anali khanda la pachithunzi lija. Anati bambo ake anamwalira akudandaulabe za ana a kunyanja amene sanamalize kuwachiza. Anakhala pakhonde la asisiteri masiku awiri, akuwerengera aliyense wofuna kumva zimene zinalembedwa za iye. Ndinapita modzikoka, ndipo ndinatchula dzina la mlongo wanga. Anatsegula masamba achikasu aja, anapeza, n'kumasulira pang'onopang'ono:

"Filipo, zaka zisanu ndi zinayi. Mkodzo uwu si wake. Ndikuganiza kuti ndi wa mlongo wake, amamukonda kwambiri. Mapiritsi ake ndamusungira. Ndipitanso Lolemba."

Ndinalira pamaso pa mlendoyo, manyazi osawadziwa. Ankadziwa zonse a Dotolo, koma sanandineneze kwa aphunzitsi kapena kwa wina aliyense.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ife tinaona kalumoko n'kuyesa kadzatidula pakhosi. Lero ndimadziwa kuti Filipo tinkamukonda tonse, koma amene ankaona chimene chinkamudya anali mmodzi yekha, ndipo ndine ndinamuitanira Landirova. Mutu wa chambo sindidya mpaka lero.