Nkhupakupa za m'kabokosi ka machesi

Mwaswera bwanji nonse, ndine Esinati kuno kumudzi.

A zaziweto aja abwera lero pa nkhani ya ng'ombe ziwiri za bambo zomwe zafa. Amafuna nkhupakupa zoti akazipime, aone ngati zili ndi tizilombo toyambitsa matenda omwe apha ng'ombezo.

Atalowa m'khola sanapeze ngakhale imodzi. Dzulo bambo anazichotsa zonse n'kuziwotcha. Akuti mlendo sangaone ng'ombe zawo zili ndi nkhupakupa ngati zopanda mwini. Ine mtima unandipsa, anthu kuyenda ulendo wonsewu pachabe. Ndinawakalipira bambo pamaso pa alendo, ndipo mpaka pano ndikuchita manyazi.

Bambo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabokosi ka machesi. M'katimo munali nkhupakupa zinayi zokhuta magazi, ina ikuyendabe. Anazichotsa kukhutu kwa Joni tisanaikwirire, ng'ombe ija ya mtundu wa zomwe anagula atabwera kuchokera kumigodi.

Anati, "Izi ndinasunga. Ndimafuna wina adzandiuze chomwe chandiphera ng'ombe yanga."

Mayi wina mwa a zaziweto aja anazilandira ndi manja awiri n'kuziika m'kabotolo ka mankhwala. Akuti zotsatira zitenga masabata angapo, ndipo pakadali pano ng'ombe zathu zisamadye limodzi ndi za ena kudambo.

Achimwene a ku Lilongwe, munati tigulitse zotsalazo zisanafe. Enanu mukuti bwanji? Ngati n'kugulitsa, mubwere mudzawauze nokha bambo. Ine ndaona mmene anaperekera kabokosi kaja, sindingathe.