Ng'ala ya Mlamu Wanga

Ndinachitira nsanje ng'ala ya mlamu wanga, ndipo sindibisa.

Tonse awiri tinkasoka zovala kumsika wa Chisokone, makina anga moyang'anizana ndi ake. Maso athu anayamba kuvuta chaka chimodzi. Lake lakumanja linatuwa pakati, aliyense n'kumaona, amayi a kutchalitchi n'kumamupempherera. Anga ankaoneka abwinobwino, osawawa, osafiira. Ulusi ndinkalowetsa pasingano kamodzi n'kamodzi. Koma sizasi ndikaiika pambali pa makina inkasowa mpaka nditatembenuza mutu, ndipo kawiri konse minibasi inatsala pang'ono kundigunda ndisanaione.

"Ni ng'ala chabe iyo, mulamu," anatero iye. "Lindilani ikhwime monga yanga. Ikayera bwino, azaichotsa."

Ndinamvera. Kwa zaka ziwiri ndinkaima pagalasi m'mawa uliwonse, kufunafuna kadontho koyera. Munthu wamkulu ngati ine, kulakalaka matenda a mnzanga!

Yake itakhwima anakaichotsa kuchipatala cha ku Ndola. Pasanathe mwezi anaima kutsogolo m'tchalitchi kupereka umboni, akuvina, akuwerenga Baibulo mokweza. Ndinawomba nawo m'manja, mtima ukundipsa.

Ndinatopa nako kudikira, n'kupita kuchipatala komweko. Dokotala anandiyeza maso, kenako anandiuza kuti ndisuzumire m'makina ndi kudina batani ndikaona kakuwala. Ndinakhala nthawi yaitali chala chili duu.

"Amayi, iyi si ng'ala," anatero. "Ng'ala imaphimba kutsogolo, timachotsa, munthu n'kuonanso. Yanuyi ndi gulokoma. Madzi a m'diso satuluka bwino, ndiye amapanikiza mtsempha woonera, umafa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali. Kunja sikuoneka kanthu."

"Nanga opaleshoni yanga ni liti?" ndinafunsa.

"Zimene zapita sizibwerera. Tingoteteza zotsalazi. Mukanabwera poyamba paja, tikanapulumutsa zambiri."

Lero ndimadontheza mankhwala m'maso m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa, kuti ndisataye kampata kamene ndimaonera singano. Palibe umboni wa munthu amene maso ake angosiya kuipiraipira, ndiye m'tchalitchi ndimakhala phee.

Mlamu wanga sanachitire dala pondiuza kuti ndidikire, ndikudziwa. Atamva analira, ndipo anasuntha makina ake kuwaika kumanzere kwanga kuti azindipatsira sizasi. Kumanzereko n'kumene kunafa kwambiri. Amati akamaliza diresi, "Onani mulamu, mizere yawongoka!" Kuti ndimuone ndiyenera kutembenuza mutu wonse. Masiku ena sinditembenuka.