Nkhosa Yosametedwa ya Pelaya

Ku Tekowa aliyense ankadziwa kuti ukasinthana kanthu ndi Pelaya, ubwerera kwanu ukudzikanda m'mutu. Munthuyu anayamba ndi bulu wotsimphina, buluyo n'kusanduka mitsuko ya mafuta, mitsukoyo n'kusanduka khola lodzaza nkhosa. Kuba sankaba ayi, kungoti pakamwa pake pankathamanga kuposa nzeru za anzake.

M'kholamo munali kankhosa kamodzi kosagulitsa. Mayi wake inali nkhosa imene Hodiya, mkazi wa Pelaya, anabwera nayo pokwatiwa, ndipo inafa pobereka. Hodiya anakalera yekha, kukayamwitsa mkaka wa mbuzi pa kansalu. Abale ake onse anali atatha, ndiye cha kwawo chimene chinamutsalira chinali kankhosako.

Tsiku lopatula chakhumi linafika. Ana a nkhosa a chaka chimenecho ankatuluka mmodzimmodzi pa kakhomo kopapatiza, ndipo wakhumi aliyense ankamukhudza ndi ndodo ya utoto wofiira kuti akaperekedwe ku Kachisi. Pelaya anagwira ndodo, mnansi wake Gemariya akuchitira umboni. Anawerenga mpaka zisanu ndi zinayi, ndodo n'kutsika pa wotsatirayo. Kanali kankhosa ka Hodiya.

Pelaya sanataye nthawi. Anakoka nkhosa yake yamphongo, yonenepa kuposa zonse, nati, "Iyi ilowe m'malo mwa kankhosako!"

"Aa, achimwene, mwanena kale?" anatero Gemariya atagwira kukamwa.

"Nanga bwanji? Taionani bwino, ikulemera kasanu kuposa kanthu ako. Mulungu waluza pati?"

"Mukumuyesa munthu uja munamusinthitsa bulu wotsimphina? Imeneyo ndi temura, kusinthitsa chopatulika. Choyamba sichichoka, chachiwiri chimangolowa. Zonse ziwiri zapatulika basi."

"Ndimangocheza ine."

"Mumacheza ndi ndani? Madzi akatayika sawoleka, achimwene."

Kankhosako kanapita ku Yerusalemu pa nthawi ya chikondwerero, Pelaya atakanyamula yekha pamapewa. Hodiya anakana kupita nawo. Yamphongo ija inatsala pakhomo, poti yolowa m'malo mwa chakhumi siipita ku guwa. Komanso kuimeta sikuloledwa, kuigulitsa sikuloledwa. Inkangodya, ubweya ukukwekwereka pansi n'kumatola minga, mpaka anthu a ku Tekowa anaitcha Temura.

Pelaya anapitiriza malonda ake, ndipo ankapindulabe, koma manyazi a nkhosayo sanamuchoke. Hodiya sanamunyozepo. Tsiku lina Hodiya anamupeza akuzula minga m'ubweya wa Temura.

"Bambo, moyo wanu wonse simunaperekepo chachikulu kuti mulandire chaching'ono," anatero. "Tsiku lija munatero chifukwa cha ine. Isiyeni idye, ndiidyetsa ndine."